Kukawedza ku nyanja yamchere ndi nyambo zopanga: yankho kwa bambo a ku Area 25

Bambo ena a ku Area 25, muno mu Lilongwe, atumiza funso. Iwo amawedza ku Senga Bay akapeza mpata, nyambo yawo ndi nyongolotsi kapena usipa, ndipo mwezi wa December akupita ndi banja lawo ku Inhassoro, ku Mozambique, kukakhala sabata imodzi. Amva kuti ku nyanja yamchere anthu amagwira nsomba zikuluzikulu ndi nyambo zopanga, zachitsulo ndi zapulasitiki, zimene ambiri amangoti ma lure. Akufuna kudziwa zoti agule, komanso ngati ndodo yawo ya ku Salima ingakagwire ntchito kumeneko.

Bambo, zogulazo ndikuuzani, koma ndiyambe ndi nkhani imene simunafunse, chifukwa ndi imene imabweza anthu a kwathu kuno chimanjamanja ngakhale atanyamula zida zodula. Nyanja yathu imakwera dzinja likatha n'kumatsika m'chilimwe, mwapang'onopang'ono moti mwala umene munakhalapo dzulo mukaupeza pomwepo lero. Nyanja yamchere imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo nsomba zake zimadya potsata kayendedwe ka madziwo. Munthu wozolowera Senga Bay amayang'ana wotchi ndi dzuwa. Ku Inhassoro muzikayamba mwafunsa kuti madzi ali pati.

Kuchokera pamene madzi aphweratu kufika pamene adzaziratu pamapita maola 6 ndi mphindi pang'ono. Nthawiyi imasuntha tsiku ndi tsiku, pafupifupi mphindi 50, chifukwa chimene chimakoka madziwo kwambiri ndi mwezi, ndipo mwezi umachedwa kutuluka motero usiku uliwonse. Ngati tsiku lofika madzi adzaza 6 koloko m'mawa, sabata yanu ikamatha ola lomwelo mudzapeza ataphwa. Kakweredwe kake nakonso n'kosafanana. Ola loyamba amakwawa, lachiwiri amawonjezera, koma theka la madzi onse limalowa m'ola lachitatu ndi lachinayi, kenako amafookanso mpaka kuima. Nsomba zodya zinzake zimasaka madzi akamathamanga, chifukwa ndi pamene tinsomba, nkhanu ndi tizirombo tina timakokoloka m'ngalande za mumchenga n'kulephera kudzigwira. Madzi akaima, kaya adzaza kaya aphwa, kadyeni nsima.

Mwezi ukakhala wathunthu, komanso ukakhala kumdima, dzuwa ndi mwezi zimakhala pamzere umodzi ndi dziko lapansi n'kumakokera limodzi ndipo madzi amakwera kwambiri n'kuphwanso kwambiri. Mwezi ukakhala theka, kusiyanako kumachepa. Gombe la pakati pa dziko la Mozambique ndi limodzi mwa malo amene madzi amasintha kwambiri mu Africa muno: ku Beira kusiyana kwa madzi odzaza ndi ophwa kumapitirira mamita 5 pa masiku a mwezi wathunthu. Ku Inhassoro ndi ku Vilankulo, tauni ya kumwera kwake, n'kocheperako, koma poti nyanja ya kumeneko ndi yosaya, madzi akaphwa amathawira kutali, ngalawa n'kutsala zitagona chammbali pamchenga. Choncho musananyamuke mu Lilongwe, tsitsani pa foni nthawi za madzi za masiku anuwo, kapena mukafika mukafunse pamalo ogona kuti akupatseni ndandanda wa nthawizo, umene pa Chipwitikizi amati tabela de marés. Mukapeza tsiku limene madzi akudzaza mbandakucha kapena dzuwa likupendeka, tsiku limenelo musalole kuti banja likonze ulendo wina.

Tsiku loyamba ndodo isiyeni m'chipinda. Yendani pagombe madzi ataphweratu, muone pamene pali ngalande, maenje, miyala ndi nsonga za mchenga zolowa m'nyanja, ndipo muziloweze poyang'ana mtengo kapena nyumba ya kumtunda, chifukwa madzi akabwera zonsezo zibisika ndipo nyanja idzaoneka yofanana paliponse. Nsomba zimadzera m'ngalandezo polowa ndi potuluka. Pamene madzi obiriwira akukumana ndi madzi abuluu pali phompho, ndipo nsomba yaikulu imayenda m'mphepete mwake. Mbalame zoyera zing'onozing'ono zikamadziponya m'madzi pamalo amodzi, kapena tinsomba tikamabalalika pamwamba pa madzi, pansi pake pali wina amene akusaka. Thamangirani komweko ndipo ponyani kupitirira gululo kuti nyambo idutse m'mbali mwake.

Pali ngozi imene munthu wa ku nyanja yathu saiganizira. Mukayenda pamchenga wa pakati madzi ataphwa, pobwera madziwo sayamba kutsogolo kwanu. Amazungulira m'ngalande ya kumbuyo, ndipo mukamacheuka mupeza kuti pakati pa inu ndi mtunda pali mtsinje wothamanga wofika m'khosi. Madzi akangotembenuka, yambani kubwerera, makamaka ngati muli ndi ana.

Tsopano za nyamboyo. Nyongolotsi imagwira ntchito yokha: imanunkhira, imagwedera, inu n'kukhala phee kudikira kujompha. Chitsulo chilibe fungo ndipo sichikoma, moyo wake wonse uli m'manja mwanu. Nsomba imachithamangira chifukwa cha kung'anima ndi kugwedeza madzi, poti m'mbali mwa thupi lake muli mzere umene imamvera kunjenjemera kwa madzi ngakhale isanaone kanthu. Galu wa m'mudzi sauwa njinga yoimikidwa pakhonde, amathamangitsa imene ikuthawa. Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri kwa anzathu ochokera ku nyanja ya Malawi ndi kupukusa reel, kachipangizo kokulungira chingwe, mwaulemu, mochita kunyengerera. Nsomba za kumeneko liwiro lake n'loposa dzanja lanu, simungazithawitse nyambo. Mukaona nsomba ikutsatira nyambo kumbuyo osaluma, musachepetse liwiro poganiza kuti mukuithandiza, chifukwa mukatero imapeza mpata woona kuti n'chitsulo ndipo imatembenuka. Wonjezerani. Ngati munagwirapo ncheni ndi kasupuni kokoka kumbuyo kwa bwato, nzeru yake ndi yomweyo, kungoti kuno mphamvu ndi liwiro n'zowirikiza.

Kuwedza kotere ndi kwa miyendo. Mwaponya kakhumi pamalo amodzi, mwayesa pamwamba, mwayesa kusiya nyambo imire kaye masekondi angapo musanapukuse, palibe chachitika, sunthani mapazi makumi angapo. Mpando, ambulera ndi bokosi lalikulu zisiyeni kwa amayi ndi ana. Inu nyamulani kachikwama kakumsana ndi botolo la madzi.

Nsomba zimene mungakumane nazo pagombe kapena pafupi ndi gombe ndi za mtundu wa kingfish, zimene ena amati trevally ndipo eni dziko amati xaréu. Zambiri ndi za kilo imodzi kufika makilo 5, koma yaikulu ya banjali, giant trevally, imapitirira makilo 50 ndipo ikaluma imathamangira kumiyala kukadula chingwe. Pali queenfish, yasiliva, yokhala ndi madontho m'mbali, imene imadumphadumpha ikakodwa. Pali barracuda, ndiponso king mackerel imene kumeneko amati serra, yokoma kuposa zonsezi koma ya mano onga lumo. Imeneyi kawirikawiri mumaipeza muli m'boti. Pansi pamiyala pamakhala garoupa, nsomba yonenepa ya kukamwa kwakukulu. Zithunzi za marlin ndi sailfish, nsomba zikuluzikulu za mlomo wautali wosongoka, zimene mwaona za ku chilumba cha Bazaruto, pafupi ndi Inhassoro, ndi zoona, koma zimafuna boti lalikulu, zida zina ndi ndalama zina. Pa ulendo woyamba musaziwerengere.

Pogula, yambani ndi supuni. Ndi kachitsulo konyezimira kopindika pang'ono, ka magalamu 30 mpaka 50, kokhala ndi mbedza kumchira. Imauluka kutali ngakhale mphepo ikuwomba kumaso, imagwira pafupifupi nsomba zonse ndatchulazi, ndipo ikakodwa pamwala n'kutsala simulira maliro. Tengani zinayi kapena zisanu, zasiliva, imodzi ikhale yopyapyala yaitali yoti muziipukusa mothamanga kwambiri. Anthu ena amasula okha kuchokera ku chigwiriro cha supuni yodyera ya chitsulo chosachita dzimbiri, kuboola uku ndi uku, ndipo nsomba sizifunsa kuti yagulidwa kuti. Kenako tengani ma jig awiri kapena atatu, aja a mutu wamtovu ndi ubweya woyera kumbuyo, otchedwa bucktail. Amenewa mumawasiya amire, n'kumanyamula nsonga ya ndodo ndi kuitsitsa kuti azidumpha pansi. M'ngalande zothamanga madzi ndi m'mathiriro a mitsinje amaposa supuni. Onjezani paketi imodzi ya tinsomba tapulasitiki tofewa ta mchira wogwedera, ngakhale kuti ndikuchenjezeni, nsomba zina zimene zimafufuma ngati mpira zikaopsezedwa zimatidula michira tsiku lonse.

Popper ndi nyambo yoyandama ya kukamwa kolowa m'kati, imene mukaikoka mwadzidzidzi imalavula madzi n'kuchita phokoso. Siigwira nsomba zambiri kuposa supuni, ndipo imatopetsa mkono, koma tengani imodzi ya kukula ngati chala chachikulu ndi theka, chifukwa kuona kingfish ikuphulitsa madzi kumbuyo kwa nyambo dzuwa lisanatuluke ndi chimene chimachititsa anthu kubwererako chaka ndi chaka. Ikaphulika choncho musakoke msanga. Dikirani mpaka mumve kulemera m'manja. Ngati mudzakwere boti, onjezani tinsomba tolimba tiwiri ta mlomo kutsogolo, timene timamira tikamakokedwa. Ambiri amangoti Rapala, potengera dzina la msodzi wa ku Finland, Lauri Rapala, amene anasema koyamba kansomba kotere mu 1936 n'kukakuta ndi pepala lonyezimira. Za mitundu musavutike nazo: yasiliva, yoyera, ya msana wabuluu, ndi imodzi yowala kwambiri ya tsiku limene madzi avunduka. Mitundu makumi awiri ija ili m'sitolo imakola ogula kuposa nsomba.

Muno mu Lilongwe nyambo za nyanja yamchere sizipezekapezeka, ndipo zikapezeka mbedza zake nthawi zambiri ndi za madzi opanda mchere, zimene zimawongoka nsomba yamphamvu ikakoka. Ngati muli ndi m'bale amene akuchokera ku Johannesburg kapena ku Dar es Salaam, mutumeni pano nthawi ikadalipo. Musadalire kukagula mukafika.

Ndodo yanu ya ku Salima itengeni, ana akasewere nayo m'madzi osaya ndi tinyambo ting'onoting'ono, koma ntchito yeniyeni siingathe. Mukufunika ndodo ya mamita 2.7 mpaka 3, yolembedwa kuti imaponya magalamu 20 mpaka 60, yoduka pawiri kapena patatu kuti ilowe m'galimoto. Ulendo wa kudzera pa Dedza, Tete, Chimoio ndi Inchope n'kuwoloka mtsinje wa Save ndi wa makilomita opitirira 1,000, masiku awiri, ndipo ndodo zambiri zimathyokera pachitseko cha galimoto osati pa nsomba. Ikani yanu m'paipi ya pulasitiki yotseka mbali zonse. Reel ikhale ya saizi 4000 kapena 5000, yopukusa mwachangu. Ngati ndalama zikuperewera, chepetsani pa ndodo ndi pa nyambo, koma pa reel musaumire. Ndodo yotchipa imagwirabe nsomba, pamene reel yotchipa imauma ndi mchere sabata isanathe.

Chingwe chikhale choluka, chija amati braid, cha mapaundi 30, mamita osachepera 250. N'chopyapyala kuposa nayiloni wa mphamvu yomweyo, motero chimaponyeka kutali, ndipo poti sichitamuka mumamva chilichonse chokhudza nyambo. Kuipa kwake n'kwakuti chimaoneka m'madzi oyera ndipo chikakhula pamwala chimaduka nthawi yomweyo. N'chifukwa chake kumapeto timalumikiza mita imodzi kapena imodzi ndi theka ya fluorocarbon, chingwe chosaoneka kwenikweni m'madzi, kapena nayiloni wokhuthala, wa mapaundi 40 mpaka 60. Mfundo yolumikizira ziwirizi ndi pamene nsomba zambiri zimatayikira. Yabwino koposa ndi ija amati FG, yopyapyala moti imadutsa m'mphete za ndodo osakodwa, koma imafuna kuzolowera. Iphunzireni pakhonde ku Area 25 komweko, usiku ndi usiku, n'kumaiyesa pomangirira ku chidebe cha madzi ndi kunyamula. Pagombe, mphepo ikuwomba, manja ali onyowa, nsomba zikudumpha patsogolo panu, simalo ophunzirira mfundo. Chenjeraninso kuti braid imacheka chala ngati mpeni. Musaikulunge m'dzanja pofuna kukoka nyambo yokodwa, kulungani pakamtengo.

Nkhani ya waya anthu amakangana nayo. Serra ndi barracuda zimadula nayiloni kamodzi n'kamodzi, choncho kawaya ka masentimita 10 kapena 15 kutsogolo kwa nyambo kamapulumutsa. Koma kingfish ndi queenfish m'madzi oyera zimakaona n'kukana. Ine maganizo anga ndi akuti pagombe yambani opanda waya, mukadulidwa kawiri mosalala ngati ndi lumo ndiye muike. M'boti, kumene serra ndi yambiri, ikani kuyambira pachiyambi.

Kabuleki ka reel, kaja kopota pamwamba, kamangeni moti chingwe chizituluka nsomba ikakoka ndi mphamvu yokwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu ya chingwecho. Kuno kwathu tinazolowera kukokera nsomba kumtunda mwamphamvu. Kumeneko nsomba ikathamanga isiyeni ithamange, ndodo ili chilili, ndipo ikaima nyamulani ndodo pang'onopang'ono, n'kupukusa potsitsa. Kupukusa chingwe chikutuluka kumangochipota. Pofika m'mafunde a m'mphepete musaikoke funde likubwerera. Dikirani lotsatira liikankhire kwa inu.

Madzi a nyanja yamchere amakhala ndi mchere wa magalamu pafupifupi 35 pa lita iliyonse, ndipo umalowa paliponse. Madzulo alionse tsukani ndodo, reel ndi nyambo zonse zimene zanyowa ndi madzi a pampopi, mothira pang'onopang'ono osati mopopera mwamphamvu, chifukwa mphamvu imakankhira mchere m'kati. Potsuka mangani kabuleki kaja, zikauma kamasuleni. Nyambo yonyowa musaibwezere m'bokosi limodzi ndi zouma, mukatero m'mawa mupeza mbedza zonse zafiira. Reel isagone pamchenga ngakhale kamphindi.

Kunena zoona, gombe la Inhassoro penipeni ndi lamchenga, losaya, ndipo asodzi a kumeneko amakokapo makoka tsiku ndi tsiku monga achitira kwathu ku nyanja, choncho si paliponse pamene mungagwire kanthu mutaima pamtunda. Malo abwino ali kumpoto, cha ku nsonga ya Bartolomeu Dias kumene kuli ngalande zakuya, ndiponso kuzungulira zilumba za Santa Carolina ndi Bazaruto. Ngati thumba lilola, sungani ndalama ya tsiku limodzi m'boti ndi munthu wa komweko, ndipo likhale tsiku lachiwiri kapena lachitatu, kuti zimene muphunzire kwa iye mukazigwiritse ntchito masiku otsalawo. Musanalipire, funsani ngati muli majekete oyandamitsa okwanira aliyense, ngati mafuta ali m'kati mwa mtengowo, komanso kuti nsomba zogwidwa zikhala za yani. Kuwedza kwachisangalalo ku Mozambique kumafuna chiphaso, ngakhale muli pagombe, ndipo zilumbazo zili m'malo otetezedwa a Bazaruto Archipelago National Park, amene anakhazikitsidwa mu 1971. Kumeneko kuli malipiro akeake ndi malo ena oletsedwa kuwedza. Eni malo ogona amadziwa ofesi yopita. Nsomba zogwira ndi chiphaso chotere sizigulitsidwa, ndipo akamba a m'nyanja ndi nyama yaikulu yodya udzu wa pansi pa nyanja yotchedwa dugong, imene idakapezekabe m'madzi amenewa, n'zosakhudza.

December ndi nyengo yabwino ya kingfish ndi queenfish chifukwa madzi amakhala ofunda, koma ndi nyengonso ya namondwe, imene imayamba mu November mpaka April. Freddy uja anatipweteka kuno mu March 2023 anayamba watera pafupi ndi Vilankulo mu February chaka chomwecho. Muzimvera zanyengo tsiku lililonse, ndipo mwini boti akati lero sitipita, musamukakamize ndi ndalama. Kukayamba ziphaliwali gonekani ndodo pansi n'kuchokapo, chifukwa ndodo za masiku ano ndi za kaboni, zimene zimadutsa magetsi. Dzuwa la pamadzi limawotcha khungu lakuda lomwe. Valani malaya a manja aatali, chipewa, ndi magalasi aja amachotsa kunyezimira kwa madzi, amene amakuthandizani kuona ngalande ndi nsomba komanso kuteteza maso ku supuni yobwerera mwamphamvu ikapulumuka m'kamwa mwa nsomba.

M'madzi musalowe opanda nsapato. Pamiyala pamabisala stonefish, nsomba yooneka ngati mwala, ya minga yaululu woopsa, ndipo mumchenga mumagona stingray ya mnga kumchira. Poyenda m'madzi osaya muzikhwekhwereza mapazi kuti ithawe musanaiponde. Wina akabayidwa, viikani balalo m'madzi otentha kufika pamene munthu angapirire osapsa, chifukwa kutentha kumafooketsa ululuwo, kenako thamangirani kuchipatala. Pochotsa mbedza gwiritsani pulayazi yaitali, zala zisayandikire kukamwa kwa serra kapena barracuda ngakhale ikuoneka yakufa. Kingfish ili ndi mamba akuthwa pafupi ndi mchira, queenfish ili ndi minga yobaya kumsana ndi kumimba. Ine ndimachotsa mbedza za mano atatu zija n'kuika imodzi yolimba, ndiponso ndimaphwatalitsa kamnga kobwerera m'mbuyo: nsomba yoti ibwerere m'madzi imachoka msanga, ndipo mbedza ikalowa m'dzanja lanu kapena la mwana imatuluka popanda kung'amba.

Pa zakudya, serra iwotcheni tsiku lomwelo, ndipo mukangoigwira iduleni m'makha kuti magazi atuluke n'kuiika pa ayezi. Kingfish zing'onozing'ono n'zabwino, zikuluzikulu nyama yake ndi yolimba ndipo ndi bwino kuzibweza. Nsomba yofufuma ija, ya mano ngati a kalulu, musadye ngakhale wina akuuzeni kuti amadziwa kuikonza. Poizoni wake sapsa pamoto ndipo alibe mankhwala. Barracuda yaikulu ya kumiyala ya makorali nayo nthawi zina imakhala ndi poizoni wotchedwa ciguatera, amene sanunkha, saoneka, ndipo saphikika. Nsomba iliyonse imene simukuidziwa, ionetseni kaye kwa asodzi a pagombepo isanafike kukhitchini. Zoti mudzanyamule nsomba yaiwisi masiku awiri m'galimoto, kudutsa kutentha kwa ku Tete mu December, kuti a ku Area 25 adzalaweko, ziiwaleni. Adzaone zithunzi pa foni.